NKHONGOLE YA WINA SI YANU: MUSALIPIRE CIFUKWA CA MANTHA

Alimi ambiri, makamaka nthawi yogulitsa cimanga, amalandira lamya kucokera kwa anthu acilendo amene amati: bwezani nkhongole lero, apo ayi tibwera kudzatenga ng'ombe. Koma dzina limene amachula ndi la munthu wina. Ena, poopa manyazi pamudzi ndi kuchalichi, amatumiza ndalama ya feteleza kuti lamya ileke kulira. Abale, kumeneko ndi kutaya thukuta lanu.

Kodi zimayamba bwanji? Nambala ikakhala nthawi yaitali osaseŵenza, makampani monga Airtel, MTN ndi Zamtel amaipereka kwa munthu wina, koma m'mabuku a okongoza imakhalabe pa dzina la mwini wakale. Nthawi zina m'bale wanu analemba nambala yanu pa pepala la nkhongole osakuuzani. Palinso akuba amene amangoyesa mwayi.

Akulu anati mlandu suola, koma umalondola mwini wake. Nkhongole ndi ya amene anasaina. Kukhala m'bale wace, kapena mnzace wa mu kwaya, sikukupatsani udindo wolipira, pokhapokha ngati munasaina inu eni kuti mudzamuimirira akalephera.

Akatuma lamya, funsani dzina lao, la kampani, ndi kumene kuli ofesi yao. Auzeni mwaulemu kuti munthuyo si inu, ndipo afute nambala yanu. Lembani tsiku ndi nthawi m'kabuku, ndipo musafute mameseji. Musachule PIN kapena nambala ya NRC yanu. Musatumize ngakhale K10, cifukwa mukatero adzati mwavomera.

Akapitiriza, dandaulani ku Bank of Zambia ngati ndi banki kapena kampani yokongoza imene ili pansi pace. Za manambala a lamya pitani nazo ku ZICTA. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limakupatsani ufulu wopempha kuti akonze zolakwika zimene anasunga zokhudza inu. Woopseza mukamnenere kupolisi. Kulanda katundu mwalamulo ndi nchito ya mabelifi okhala ndi cikalata ca khoti. Munthu wa kaloba wongokalipa pa lamya alibe mphamvu imeneyo.

Cenjezo lomaliza: musabwereke NRC yanu kwa wina kuti alembetse SIM. Akakongola pa nambalayo, dzina loonekera ndi lanu. Atsogoleri a mipingo ndi a makopaletivu, conde fotokozerani okalamba nkhaniyi pa misonkhano yanu.