Foni imodzi, manja ambiri: kusunga chinsinsi potsegula intaneti ku Ntengo-Wambalame

M'midzi ya ku Ntengo-Wambalame m'boma la Tsangano, ngakhalenso kumadera a ku Macanga, foni imodzi imadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Mwini wake amaisiya kotchajitsa, mwana amaibwereka kuti afufuze za kusukulu, mnansi amaitenga kuti afunse mtengo wa mbatata ya kachewere kumsika, ndipo ikawonongeka imakagona kwa wokonza. Aliyense mwa anthuwa angathe kuona zimene mwini foniyo wakhala akufufuza, chifukwa pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, yomwe ena amati bulawuza ndipo pa Chipwitikizi amati navegador, siyiwala msanga.

Bulawuza imasunga mndandanda wa masamba onse amene atsegulidwa, mawu amene munthu analemba pofufuza, ndiponso mawu achinsinsi ngati mwini wake anavomera kuti asungidwe. Imasunganso tizizindikiro totchedwa cookies, tomwe makampani otsatsa malonda amatsatira nato munthu kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina. Bambo amene anafufuza za matenda omwe sanauzeko achibale, mayi wofunsa za kulera, kapena wamalonda amene analowa mu akaunti yake ya kubanki, onsewa amasiya mapazi. Mapaziwo akaonedwa ndi munthu wolakwika, zotsatira zake ndi miseche, mkangano m'banja kapena kubedwa kwa ndalama.

Chitetezo chimayambira posankha bulawuza. Mafoni ambiri a Android amabwera ndi Chrome ya kampani ya Google, ndipo ambiri a Tecno, itel ndi Infinix amabweranso ndi ina yotchedwa Phoenix. Anthu ochuluka amakonda Opera Mini chifukwa siyidya mamega ambiri. Imatero chifukwa tsamba limayamba ladutsa pa makompyuta a kampani ya Opera, komwe limapanikizidwa kuti lichepe lisanafike pa foni. Ikaikidwa pa njira yosunga mamega kwambiri, ngakhale masamba otetezedwa amatsegulidwira kumeneko. Choncho ndi yabwino powerenga nkhani kapena zotsatira za mpira, koma si yoyenera kulowera kubanki.

Ina imene inatchuka ndi UC Browser. M'chaka cha 2015, akatswiri a Citizen Lab pa yunivesite ya Toronto ku Canada anapeza kuti inkatumiza manambala ozindikiritsa foni ndi malo amene munthu ali popanda chitetezo chokwanira. Mu 2020 dziko la India linailetsa pamodzi ndi mapulogalamu ena a ku China. Kumbali ina, Firefox inayamba mu 2019 kutsekereza yokha ma cookies a makampani otsatira anthu, ndipo Brave imatsekereza otsatira ndi zotsatsa malonda ikangoikidwa. Zonsezi n'zaulere, koma ziyenera kutengedwa pa Play Store. Pulogalamu yopatsirana pa Bluetooth kapena pa memori kadi ikhoza kukhala yakale kapena yoti wina anaisintha.

Ambiri amadalira njira yotchedwa Incognito, yomwe pa foni ya Chipwitikizi imalembedwa kuti navegação anónima. Njirayi imathandizadi pa foni yobwerekana, chifukwa tsamba likatsekedwa, mndandanda wa zomwe zafufuzidwa sutsala. Koma zithunzi ndi mavidiyo amene atsitsidwa amatsalabe m'foni. Komanso njirayi siyibisa munthu kwa kampani ya netiweki. Vodacom, Movitel kapena Tmcel ingathe kudziwa masamba amene nambala yalumikizana nawo, ndipo popeza malamulo a bungwe la INCM amafuna kuti khadi lililonse lilembetsedwe m'dzina la mwini wake, nambalayo ili ndi dzina. Okhala kufupi ndi malire amene amagwiritsanso ntchito makhadi a Airtel kapena TNM a ku Malawi ali m'chimodzimodzi. Munthu akalowanso mu Facebook kapena Google ali mu Incognito, makampaniwo amamudziwa. Mu 2024, Google inavomera kufufuta zolembedwa mabiliyoni ambiri pofuna kuthetsa mlandu umene anthu a ku America anaisumira, wakuti inkawatsatira ngakhale ali mu Incognito.

Pali zinthu zingapo zimene mwini foni angasinthe yekha m'mphindi zochepa. Mu Chrome, akanikize timadontho titatu ta pamwamba, alowe pa Definições kapena Configurações, kenako pa Privacidade e segurança. Pamenepo ndi pomwe amafufutira mbiri ya zofufuza ndi kutsekereza ma cookies a makampani ena. Ngati foniyo inalumikizidwa ku akaunti ya Google, zofufuza zina zimasungidwanso mu akauntiyo, ndipo zimafufutidwa padera pa tsamba la myactivity.google.com. Bulawuza ikafunsa ngati isunge mawu achinsinsi, pa foni yobwerekana ndi bwino kukana. Tsamba losadziwika likapempha kudziwa malo amene munthu ali, kutsegula kamera kapena kumatumiza mauthenga, ayeneranso kukana. Foni isanapite kwa wokonza, mwini wake achotsemo makhadi, atuluke mu maakaunti ake, ndipo afufute mbiri.

Masamba olonjeza mamega aulere kapena thandizo la ndalama, omwe amafalitsidwa pa WhatsApp, ndi msampha wina. Palibe bulawuza imene ingateteze munthu amene walemba yekha PIN yake ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh pa tsamba lotero. PIN imalembedwa pokhapokha pogwiritsa ntchito njira ya kampaniyo, monga potumiza kapena potapa ndalama.

Gawo 71 la malamulo aakulu a dziko la Mozambique limaletsa kugwiritsa ntchito makompyuta posunga zokhudza chipembedzo cha munthu, maganizo ake a ndale kapena moyo wake wamseri m'njira yoti munthuyo adziwike. Koma lamuloli silingatsate foni mpaka kotchajitsa. Kumeneko chimene chimateteza ndi loko wa pa foni amene mwini wake yekha amadziwa, ndi chizolowezi chofufuta mbiri asanaipereke kwa wina.