Kulera Ofufuza: Maziko a Mbiri ya Yunivesite

Yunivesite isiyana ndi sukulu zina pa chinthu chimodzi chachikulu. Sukulu yapulaimale iphunzitsa zinthu zodziwika kale, koma yunivesite iyeneranso kufunafuna zimene sizinadziwike. Ntchito imeneyi itchedwa kafukufuku, ndipo mbiri ya yunivesite pakati pa zinzake idalira pa iyo. Tsono popeza ofufuza amakalamba ndi kupuma, yunivesite yofuna kusunga mbiri yake iyenera kulera owalowa m'malo, ndiwo ophunzira a digiri yachiwiri ndi a digiri ya udokotala.

Mbiri ya maphunziro a Chichewa ionetsa bwino zimenezi. Mark Hanna Watkins, wophunzira wa Edward Sapir pa Yunivesite ya Chicago, analemba galamala ya Chichewa kuti alandire digiri ya udokotala m'chaka cha 1933, ndipo buku lake linasindikizidwa mu 1937. Amene anamuuza mawu ndi ziganizo anali Hastings Kamuzu Banda, amenenso anali wophunzira komweko. Kotero ntchito ya wophunzira mmodzi inadziwitsa akatswiri a maiko akutali za chiyankhulochi.

Wophunzira wotere asowa zinthu zinayi. Choyamba ndi mphunzitsi womuyang'anira, wowerenga zolemba zake mutu ndi mutu, wosaopa kumubweza akasokera. Chachiwiri ndi nthawi pamodzi ndi ndalama, pakuti digiri ya udokotala itenga zaka zitatu kapena kuposerapo, ndipo munthu wotangwanika ndi kusaka chakudya cha ana ake sangathe kuyenda m'midzi kukamvetsera mayankhulidwe a anthu. Chachitatu ndi nyumba ya mabuku, kuti asataye zaka akufufuza chinthu chimene wina anachipeza kale. Chachinayi ndi ufulu wofunsa ndi kulemba mopanda mantha.

Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Aphunzitsi ake ena anakatenga madigiri a udokotala ku London: Sam Mchombo mu 1978, Jack Mapanje mu 1983, ndi Al Mtenje mu 1986. Zipatso zake zinaoneka msanga. Mu 1987 Mchombo ndi Joan Bresnan anasindikiza nkhani yofotokoza mgwirizano wa mneni ndi maina m'Chichewa, imene akatswiri a ziyankhulo anaiwerenga m'maiko ambiri.

Koma kulera katswiri ndi kwina, kumusunga ndi kwinanso. M'chaka chomwecho cha 1987 Mapanje anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo atatuluka mu 1991 anapita ku Britain. Mchombo naye anakakhala mphunzitsi ku Berkeley, ku America. Katswiri akachoka, yunivesite sitaya munthu mmodzi yekha ayi. Itayanso ophunzira onse amene iye akadawalera. Chifukwa chake mphunzitsi wobwera ndi digiri ayenera kupatsidwa mpata wopitiriza kufufuza, osati kusenzetsedwa makalasi ochuluka kufikira ataiwala luso lake.

Kodi mphunzitsi wa ana aang'ono zimenezi zimukhudza bwanji? Zimukhudza ndithu. Likulu la maphunziro a ziyankhulo limene Yunivesite ya Malawi inakhazikitsa mu 1996 ndilo linakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndipo mabuku otere ndiwo athandiza mphunzitsi pamene akayika za tanthauzo kapena kalembedwe ka mawu. Ndiponso wofufuza aliyense anayamba ngati mwana wa mu Sitandade 1. Akale anati mmera mpoyamba. Mphunzitsi wolola mwana kufunsa chifukwa chake anthu amati "munthu wabwino" koma "chinthu chabwino", namuthandiza kupeza yekha yankho, wayamba kale ntchito imene yunivesite idzamalize.