Ku Alvor boti limalowa pa nthawi ya madzi

Kumwera kwa dziko la Portugal, m'chigawo cha Algarve, pakati pa matauni a Lagos ndi Portimão, kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Alvor. Odziwa mbiri amaukumbukira chifukwa mfumu João II inamwalirira komweko mu 1495, komanso mgwirizano wopereka ufulu ku Angola unasainidwa m'dera lomwelo mu 1975. Koma oyenda pa maboti a matanga, aja amati yacht, amaudziwa chifukwa cha dziwe lalikulu la madzi amchere, Ria de Alvor, limene labisala kuseri kwa milu ya mchenga ndipo limalumikizana ndi nyanja ya Atlantic kudzera pa kakhomo kamodzi. Wolowa m'menemo amapeza bata. Koma polowapo, mphamvu ya injini ndi kudula kwa makina sizithandiza kwenikweni. Chimene chimafikitsa boti pamudzipo ndi kudziwa nthawi ya madzi.

Wozolowera nyanja ya Malawi amaopa mwera, koma sadera nkhawa kuti pamene waimika boti m'mawa padzakhala pouma masana. Kunyanja yamchere nkhani ndi ina. Mwezi ndi dzuwa zimakoka madzi, ndipo amadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25 kuchokera pa kudzaza kwina kufika pa kwinako. Choncho nthawi imasuntha ndi mphindi ngati 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwera m'gombe la Algarve kumafika mamita atatu kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo madziwo sakwera mofanana: theka la kukwera konse limachitika mu ola lachitatu ndi lachinayi, kutanthauza mita imodzi ndi theka m'maola awiri okha. Tsono boti la matanga lili ndi chipsepse cholemera pansi pake choliteteza kuti lisagudubuke ndi mphepo, ndipo pa maboti ambiri chimamira mita imodzi ndi theka kapena ziwiri. Malo amene ali njira 3 koloko masana angakhale bwalo la mchenga 9 koloko usiku.

N'chifukwa chake amalinyero okhwima amalowa madzi akukwera, asanadzaze. Kwa mlendo zimamveka zosemphana: bwanji osadikira kuti madzi achuluke? Yankho lili pawiri. Madzi akadali otsika, milu ya mchenga imaonekera ndipo ngalande yakuya imadziwika ndi maso. Akadzaza, dziwe lonse limaoneka lofanana pamene pansi pali misampha. Chachiwiri, boti likagunda mchenga madzi akukwera, limayandamanso pakangopita kanthawi. Likagunda pachimake pa madzi aakulu a mwezi wathunthu, lingakhale chogonera m'mbali mpaka madzi otero atabweranso, mwina patapita masabata awiri.

Ena anganene kuti zonsezi ndi zachikale, popeza lero kuli GPS ndi mapu a pakompyuta oonetsa boti pamene lili. Zoonadi GPS siphonya malo kwenikweni, ndipo palibe wanzeru angaisiye kunyumba. Vuto ndi lakuti imaika boti pa mapu amene anayezedwa kale, pamene mchenga umasamuka ndi mkuntho uliwonse wa m'nyengo yozizira. Ngakhale zizindikiro zoyandama, zofiira kumanzere ndi zobiriwira kumanja polowa monga mwa dongosolo la ku Ulaya ndi Africa, zimatha kutsalira pamene ngalande inali chaka chatha. Makina oyezera kuya nawo amangonena za madzi amene ali pansi pa boti, osati amene ali kutsogolo. Msodzi amene watuluka m'mawa womwewo ndiye ali ndi mapu atsopano, ndipo kuonetsetsa pamene boti lake ladutsa si manyazi.

Kufika pafupi ndi mudzi sikutha kwa masamu. Tiyerekeze kuti pamalopo madzi akaphwera ndi akuya mamita awiri. Akadzaza afika asanu. Tcheni cha nangula chimafunika kutalika kanayi kuposa kuya kwa madzi odzazawo, ndiye mamita 20. Madzi akatembenuka, boti nalo limazungulira nangula wake, ndipo pamalo opanikizika, pakati pa maboti a asodzi omangidwa kale, woponya mosaganiza amadzuka usiku atagundana ndi mnzake kapena atakhala pamchenga. Kumtunda amapita pa kaboti kakang'ono, nakonso kofunika kukamanga moganizira kuti madzi adzakhala pati pobwerera.

Chotsutsa champhamvu ndi ichi: ngati alendo amabweretsa ndalama, bwanji osakumba ngalande yakuya ndi kumanga doko lamakono? Makasitomala a malo odyera a m'mphepete mwa madzi angachuluke, n'zoona. Koma madoko otero alipo kale ku Lagos ndi ku Portimão, ulendo waufupi chabe, ndipo mchenga wokumbidwa umabwerera, kotero ndalama zokumbira sizitha. Komanso kusaya kumene kumavutitsa maboti ndiko kumadyetsa anthu: madzi akaphwera, eni mudzi amatsikira m'matope kukatola nkhono zam'madzi, ndipo mbalame zosamuka pakati pa Ulaya ndi Africa zimadyera pomwepo. Mu 1996 Ria de Alvor inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, momwe mulinso nyanja ya Chilwa. Kukonza njira kuti asodzi azituluka bwino ndi koyenera, koma kusandutsa dziwe lonse pokoleka maboti a alendo kungakhale kulanda ambiri pofuna kupeputsira ochepa. Amene sangathe kudikira maola angapo kunja kwa khomo mpaka madzi atayamba kukwera, apite ku Portimão akalipire malo padoko.