Ntchito ya mkonzi siyambira pa mpumiro

Anthu akamva kuti ndine mkonzi wa zolemba, ambiri amaganiza kuti ndimangokhalira kusaka mpumiro wosowa ndi zilembo zolakwika. Ntchito imeneyo ilipo ndithu, koma ndi yomalizira.

Mkonzi akalandira nkhani, amayamba waiwerenga yonse cholembera chili pansi. Amafuna adziwe chinthu chimodzi: kodi mwini wakeyu akufuna kunena chiyani? Kawirikawiri yankho limakapezeka litabisala m'ndime yachinayi. Mtolankhani wapita kumsonkhano wa kumudzi, ndipo wayamba nkhani yake ndi pemphero lotsegulira, mayina a alendo olemekezeka ndi magule amene anavinidwa. Chakumunsi uko ndiye akutchula kuti mjigo wa m'mudzimo unawonongeka chaka chatha ndipo amayi akutunga madzi kudambo. Nkhani ndi imeneyo. Mkonzi amaikweza pamwamba, magule aja n'kutsika kapena kuchokeratu.

Kudula kumawawa, koma ngakhale akatswiri anadutsamo. Ndakatulo ya T.S. Eliot yotchedwa The Waste Land isanatuluke mu 1922, mnzake Ezra Pound anachotsamo pafupifupi theka. Eliot sanasunge mangawa. Pambuyo pake analemba dzina la Pound koyambirira kwa ndakatuloyo pomupatsa ulemu.

Mpeni womwewo ukhoza kupyola muyezo. Ku America, mkonzi Gordon Lish anadula pafupifupi theka la mawu m'buku la nthano zazifupi la Raymond Carver lomwe linatuluka mu 1981, nasinthanso mitu ndi mathero a nthano zina. Carver anamulembera kalata yomuchonderera kuti bukulo lisatuluke choncho, koma linatuluka. Zolemba zake zoyambirira zinadzasindikizidwa mu 2009 pa mutu wakuti Beginners, mwini wake atamwalira kale mu 1988. Alipo amene amati Lish anakometsa bukulo. Ine ndimaona kuti analanda nkhani ya eni, pakuti wolemba akalephera kuzindikira mawu ake patsamba, ndiye kuti mkonzi wapitirira malire.

Nkhani ikaima bwino m'pamene mkonzi amalowa m'ziganizo. Amachotsa "kuti" wachitatu m'chiganizo chimodzi, amagawa chiganizo chotha mpweya, amatsimikiza ngati dzina la mfumu lalembedwa mofanana pamwamba ndi pansi. Kalembedwe ka mawu kali ndi malamulo ake: bungwe la Chichewa Board linawatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1990, ndipo kuyambira mu 1996 ntchitoyi ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba.

Inu amene mumatitumizira nkhani, musaitumize tsiku lomwe mwaimaliza. Igonekeni, mawa lake muiwerenge mokweza, ndipo paliponse pamene lilime lapunthwa mukonzepo nokha isanafike kwa ife.