CHIFUKWA CHAKE TITEMBENUZA MULU WA MANYOWA

Achikumbe anzathu a ku Mangochi, kukolola kwatha, ndipo poyenda ife m'midzi ya ku Malindi, ku Monkey Bay ndi kumapiri a Namwera tikuonanso utsi m'minda. Ambiri atentha mapesi, nanena kuti phesi la chimanga silivunda msanga. Kuchedwako nkoona, koma mankhwala ake si moto ayi.

Phesi lilimba chifukwa cha chinthu chotchedwa lignin, chimene chilimbitsanso mitengo. M'kati mwake muli tinkhata tosawerengeka, kalikonse kopangidwa ndi timibulu 6 ta kaboni togwirana mozungulira, ndipo nkhata yotere ilibe nsonga yoyambira kumasula. Chiswe chibenthula phesi, nkhungu ndi bowa ziyamba kulifewetsa. Koma otsiriza ntchito ndiwo mabakiteriya, tizilombo ta m'dothi tosaoneka ndi maso. Iwo ali ndi zodulira zawo, dzina lake maenzaimu.

M'chaka cha 1950 katswiri wa ku Japan, Osamu Hayaishi, anapeza enzaimu yotere mwa bakiteriya wotchedwa Pseudomonas, ndipo m'chaka cha 1955 anatsimikiza kuti podula nkhata enzaimuyo ilowetsamo okosijeni wochokera mumpweya. Phunziro lathu lagona pamenepa. Mulu wa manyowa ukatsekeka mpweya, nkhata sizidulika msanga, muluwo ununkha, ndipo mvula ifika mapesi akali athunthu.

Nanga tichite chiyani? Sankhani malo a mthunzi, pakuti kuno kunyanja dzuwa liumitsa mulu m'masiku owerengeka, ndipo tizilomboti sitigwira ntchito pouma. Duladulani mapesi ndi chikwanje, muwayale kufikira phazi limodzi. Pamwamba pake ikani ndowe za ng'ombe kapena za mbuzi mainchesi 3, phulusa pang'ono ndi dothi la m'munda, ndi kuwazapo madzi. Bwerezani chomwecho kufikira mulu utalike mapazi 4. Musaupondereze, ndiponso madzi asachuluke mpaka kuchucha, chifukwa madzi ochuluka apirikitsa mpweya.

Zikani ndodo pakati pa mulu. Mukaizula patapita mlungu umodzi nimuipeza yofunda ndi yonyowa, dziwani kuti antchito anu ali pantchito. Pakapita milungu 3 kapena 4 tembenuzani mulu wonse, za kunja zilowe m'kati. Mutero kawiri kapena katatu. Mulu woyambidwa mu Julayi ukhala wokonzeka mvula isanagwe.

Kwa inu olima fodya tiwonjeza mawu awa. Chikonga nachonso chili ndi nkhata yake, ndipo m'dothi la m'minda ya fodya mupezeka bakiteriya wotchedwa Arthrobacter amene achidya. Koma kutha kwa chikonga si kutha kwa matenda. Zulani mitengo ya fodya panthawi imene alangizi anena, ndipo musaiike m'mulu umene manyowa ake adzapita kunazale kapena kumunda wa fodya ndi wa tomato.

Dothi la mchenga la m'mbali mwa nyanja silisunga madzi kapena feteleza likasowa manyowa. Wotentha mapesi atsala ndi phulusa limene mwera uuluza, ndipo chaka ndi chaka nkhokwe yake icheperachepera. Amene afuna kuona kamangidwe ka mulu afunse mlangizi wa m'dera lake, ndipo tidzabwera kudzamanga naye woyamba.