Mlonda wa Usiku pa Msika wa Maramba

Dzuwa likamalowa mu mzinda wa Livingstone, amayi a pa msika wa Maramba amayamba kulongedza kapenta ndi ndiwo zamasamba zotsala. Nthawi yomweyo, mukakweza maso, mudzaona tizilombo takuda tikuuluka mothamanga pamwamba pa malata. Ameneŵa ndi timileme todya tizilombo, ndipo ntchito yawo imayamba pamene yathu yatha.

Mtundu wina wofala m'chigwa cha Zambezi akatswiri amautcha Chaerephon pumilus. Kamleme kameneka kamalemera magalamu 10 mpaka 15 okha, ndipo kamchira kake kamatulukira kunja ngati ka mbeŵa. Masana kamagona m'ming'alu ya mitengo ndi m'madenga a nyumba. Usiku kamalira mawu okwera kwambiri, ndipo mawuwo akagunda chinthu n'kubwerera, kamadziŵa pamene pali chakudya. Kamadya njenjete, tizikumbu ndi udzudzu. Kwa anthu okhala pafupi ndi mtsinje wa Maramba, kumene udzudzu umaswana nthawi ya dzinja, mlonda wotere si wonyoza.

Tisakasokoneze ndi mileme ikuluikulu yodya zipatso, imene imasonkhana mamiliyoni ku Kasanka kuyambira Okutobala mpaka Disembala chaka chilichonse.

Bungwe la IUCN limaika kamleme kathuka m'gulu la nyama zimene sizili pangozi yakutha. Komabe kamabereka mwana mmodzi yekha pa nthawi, makamaka m'miyezi ya mvula. Munthu akafukiza utsi kapena kupopera mankhwala m'denga, amapha amayi ndi ana pamodzi. Mitengo yakale ikamathera ku makala, malo ogona amachepanso, ndipo n'chifukwa china chimene mileme imathaŵira m'nyumba zathu.

Dandaulo la eni nyumba n'lomveka: ndowe zake zimanunkha ndi kudetsa siling'i. Nanga tichitenji? Dikirani nyengo yozizira, ana atayamba kuuluka. Madzulo onani pamene ikutulukira, ndipo yonse ikatuluka tsekani mipatayo. Posesa ndowe, yambani mwawaza madzi ndi kuphimba mphuno. Ndowezo ndi manyowa abwino m'dimba. Musagwire mleme ndi manja, ndipo anenso muwaletse. Wina akalumidwa, atsuke bala ndi sopo n'kuthamangira kuchipatala, popeza mileme ina imakhala ndi chiwewe.

Ena amati mleme ndi wa afiti. Koma amene anakhalapo pa Maramba madzulo amadziŵa chimene kanyamaka kamasaka: chakudya basi, monga ife tonse pamsikapo.