UTOMONI WA MANGO ULI NDI MBALE WACE KU JAPAN

Mwezi wa Novembala ukafika, mitengo ya mango m'midzi ya kwa Mpezeni, kwa Madzimawe ndi kwa Nzamane imalemedwa ndi zipatso. Pa msika wa Kapata mu Chipata ndiponso m'mbali mwa mseu wa Great East Road amai amaunjika milu ya mango, ndipo ana amaiwala nsima ya masana.

Nyengo yomweyi ndiyo imene ana ena amauka m'mawa milomo itatupa, pa cibwano ndi m'masaya patabuka timatuza toyabwa. Makolo ena amayesa mphere, nampatula mwanayo pa mphasa ya anzace. Ena amayamba kuganizira anansi ao. Koma kawiri kawiri mlandu uli pa utomoni umene umadontha cipatso cikathyoledwa, umenenso umakhala m'khungu la cipatsoco.

Bvuto lotere alidziwa bwino amisiri a ku Japan amene amasema citoliro cochedwa shakuhachi. Citoliroci amacisema kucokera ku tsinde la nsungwi. Utali wace ndi masentimita ngati 54, ndipo ciri ndi ziboo zisanu, zinai kutsogolo ndi cimodzi kumbuyo. Kuti liu lace limveke bwino, mmisiri amamata m'kati mwace ndi utomoni wa mtengo wochedwa urushi wosanganiza ndi dothi losalala, nabwereza kupaka kangapo. Mtengowo amaucekera m'khungwa utakula zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo umapatsa magalamu ngati 200 okha. Wambiri wa utomoni umene Japan amakolola m'dziko mwace ucokera ku Joboji, m'cigawo ca Iwate.

Utomoniwo ukauma umalimba ndi kunyezimira kwa zaka zambiri. Koma ukali wauwisi uli ndi mafuta ochedwa urushiol amene amabutsa zidzolo ndi matuza. Ophunzira nchitoyi ambiri amatupa manja ndi zikope. Ena thupi lao limazolowera m'kupita kwa zaka, ena salizolowera konse. Ngakhale woliza amene wagula citoliro catsopano, utomoni usanaumitsitse, angathe kutupa milomo ndi cibwano, monga momwe acitira mwana wa ku Chipata atadya mango.

Kufanana kumeneku sikuli kwa mwai. Akatswiri a zomera anapeza kuti mtengo wa urushi, wa mango, wa mfula ndi wa mtedza wa kashu umene umalimidwa ku Mongu ndi ku Mozambique, yonse iri ya banja limodzi. Mafuta a mu utomoni wa mango ndi a m'cikamba ca kashu afanana kwambiri ndi urushiol, kotero kuti thupi limene linadana ndi umodzi lingathe kudananso ndi unzace. Mu 1998 kapena caka cina ciri conse, lamulo la thupi ndi lomwelo: limakumbukira mdani wace.

Umboni wace unasimbidwa ndi madotolo a ku Israel mu 2005. Acinyamata 17 ocokera ku America, kumene kuli comera ca banja lomweli cochedwa poison ivy, anabuka zidzolo pothyola mango, pamene anzao a m'dzikomo amene anagwira nchito yomweyo sanabvutike.

Mabvutidwe ace asiyana ndi a citedze kapena nkhadze. Citedze cimayabwa munthu ali yense nthawi yomweyo, ndipo madzi a nkhadze amaocha ali yense. Utomoni wa mango nawo ungathe kuwaula khungu pomwe wadonthera, koma zidzolo zoyabwa zija zimagwira anthu ena okha. Tsiku loyamba kuukhudza munthu saona kanthu, pakuti thupi likali kuphunzira. Akadzaukhudzanso, zidzolo zimaoneka patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu. N'cifukwa cace makolo saganizira mango amene mwana anadya dzana. Matendawa sapatsirana, ndipo madzi a m'matuza safalitsa zidzolo. Zikapanda kukandidwa zimapola pa masabata awiri kapena atatu.

Amisiri a ku Japan sanasiye nchito yao cifukwa ca utomoni. Amabvala zochinjiriza manja, ndipo ukawadonthera amaupukuta msanga ndi mafuta ophikira, nasamba ndi sopo. Citoliro amaciika pa malo ofunda ndi a cinyezi kufikira citaumitsitsa asanacipereke kwa mwini wace.

Nzeru yomweyi ithandiza m'midzi ya kuno. Wothyola mango asiyeko kamtengo kace kotalikirapo, ndipo akakadula azondotse cipatsoco kuti utomoni udonthere pansi. Mango atsukidwe asanaikidwe m'dengu. Amai ogulitsa asambe m'manja ndi sopo asanagwire kumaso kapena kunyamula khanda. Mwana amene anabukapo zidzolo asamaluma khungu la mango ndi mano. Munthu wina amsendere ndi mpeni, pakuti ambiri otere amadya mnofu wa m'kati popanda bvuto. Mwanayo asakwerenso mu mtengo, cifukwa masamba ndi nthambi ziri ndi utomoni womwewo.

Zidzolo zikabuka, atsuke ndi madzi ozizira ndi kuwenga zikhadabo za mwana kuti asadzikande. Kutema mphini kapena kupaka phulusa kumangoitana mafinya. Ngati maso atupa, zilonda zayamba mafinya kapena zafalikira thupi lonse, apite naye ku kiliniki ya pafupi. Koma munthu akatupa lilime kapena kubanika atangodya mango, limenelo ndi bvuto lina loopsya, ndipo ayenera kuthamangira naye ku cipatala nthawi yomweyo, kaya ku Chipata Central, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete.

Mango ndi cakudya cabwino ca ana m'miyezi imene nkhokwe zayamba kucepa, ndiponso amabweretsa makwaca pa khomo. Palibe cifukwa codulira mtengo kapena kudana ndi mnansi, pamene mpeni, madzi ndi sopo zingathe kuthetsa mlanduwo.